Chiwaya cha ku Guangzhou

Kale mumzinda muno banja likatukuka tinkaonera padenga: malata atsopano, kenako dishi ya TV, kenako thanki ya madzi. Masiku ano chitukuko chidatsika padenga n'kulowa m'khitchini, ndipo lipoti lake limatuluka Loweruka madzulo pa status ya WhatsApp. Mukaona chithunzi cha mbale yodzaza zingwezingwe zonyezimira mafuta, timitengo tiwiri titagonekedwa pambali pake, dziwani kuti banja limenelo latitsanzika. Ife a mgaiwa ndi bonya tizibwera pambuyo.

Chiyambireni pomwe boma la Bingu wa Mutharika lidasiya Taiwan n'kugwirana chanza ndi Beijing kumapeto kwa 2007, anzathu a ku China atimangira zambiri, zina zamphatso zina zangongole: Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe, bwalo la zamasewero ku Area 48, yunivesite ya MUST ku Thyolo, msewu wa Karonga-Chitipa. Chomwe sichidalembedwe mumgwirizanowo ndi kaphikidwe. Mbali imeneyo adaisenza okha amayi a m'mageti, makamaka amene ali ndi mnzawo wa kubanki m'khonde yemwe amakaoda katundu ku Guangzhou.

Madamu a geti yakuda pamzere wathu adapeza wok yawo m'njira yomweyo. Idafika itakulungidwa m'makatani, pakati pa nsapato za ana ndi mawigi. Ndi chiwaya chachitsulo, chozama, chobulungira kunsi. Idayamba yakhala kaye m'kabati ya pabalaza, pamodzi ndi matambula aja samwera munthu aliyense, kuti alendo aione. Alendo onse atamaliza kuiona, tsiku loiphikira lidakwana.

Lowerukalo m'mawa Madamu adapita kusitolo ya Atchaina m'tauni n'kubwerako ndi mabotolo anayi: soy sauce wopepuka, yemwe ntchito yake ndi mchere, wina wakuda bii, yemwe ntchito yake ndi mtundu, oyster sauce, ndi kabotolo ka mafuta a chitowe. Pofika pa ma noodles enieni, aja a mazira, ndalama inali itathera m'mabotolo. Adagula sipageti. "Zonse ndi tirigu," adadzilimbitsa mtima.

Mphunzitsi wa tsikulo inali foni, itatsamira chitini cha shuga. Mmenemo bambo wina wa pa YouTube ankaponya chow mein m'mwamba n'kumuwakha, moto uli lawilawi, ndipo m'mphindi zochepa anali atapakula. Lamulo la chakudyachi ndi lakuti ntchito yonse ithere pathabwa lodulira moto usanayake. Karoti, kabichi, chainizi, anyezi, adyo, jinja, zonse zidulidwe tizidutswa tofanana kuti zipse msanga, zikhale m'timbale take pafupi ndi dzanja. Ma noodles aphikidwe pang'ono, achotsedwe asanalobodoke, atsanulidwe madzi, apakidwe timafuta kuti asamatane.

Ntchito yodula idagwera Anti, mtsikana wantchito, yemwe wadyetsa nyumbayo zaka zambiri popanda foni.

"Madamu, tomato ndidule angati?"

"Mulibe tomato mmenemu."

Anti adaika mpeni pansi. "Nanga msuzi uchokera kuti?"

"Mulibenso msuzi."

Anti sadayankhe. Adatenga tomato awiri akuluakulu n'kuwabisa m'thumba la epuloni, poti munthu wamkulu sapita kunkhondo chimanjamanja.

Bambo adalowa kudzafuna madzi akumwa n'kupeza nyama ya ng'ombe yasengedwa timizere topyapyala, yanyikidwa mu soy sauce ndi ufa wa kononifulawa kuti ifewe.

"Amayi, nyamayi mukufuna kuyanika?"

"Amadula chonchi, abambo. Patebulo pawo sipakhala mpeni."

Bambo adayang'ana m'mbalemo nthawi yaitali. Vuto lidali lalikulu kuposa momwe Madamu ankaganizira. Kwathu kuno mphika umadziwa maudindo: nthuli yaikulu ndi ya mwini nyumba, nthutumba ya nkhuku ili ndi mwini wake, mwana amadziwa kuti lake ndi phazi. Tsono nyama yofanana kuyambira kwa bambo mpaka kwa chitsirizira, ulemu wa mutu wabanja ukaupeza pati? Adatuluka atanyamula kapu yawo, nkhope ili khuma.

Kenako wok idakana hotipuleti. Chinthu chobulungira kunsi sichikhazikika pachitsulo chafulati. Chimangogwedezeka, kutentha kukugwira kadontho kamodzi pakati. Madamu ali mkati moichirikiza ndi mthiko, magetsi adathima. Ana a mzere wonse adakuwa mfuu yawo yamasiku onse.

Apa mpomwe mbaula, yomwe imasungidwa kuseri kwa nyumba kuti alendo asaione, idakwezedwa paudindo. Ndipo chodabwitsa n'chakuti wok idakhala pamakalapo bwinobwino, moto ukuinyambita mbali zonse. Ophika a ku Guangdong amasaka kafungo kautsi kotchedwa wok hei, komwe kamabwera mafuta ndi soy sauce zikakhudza chitsulo chotentha koopsa. Moto wotero hotipuleti ilibe. Mumzinda muno amene ali nawo pafupi ndi mnyamata wa chiwaya cha tchipisi pasiteji ya minibasi, ngakhale palibe adamuuzapo.

Mafuta adayamba kufuka. Adyo ndi jinja zidagwera mmenemo kuti tswaa! Fungo lidakwera, lidadumpha mpanda wa njerwa ndi magalasi ake osweka, n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo.

Woyamba kugogoda pageti adali alamu. "Ndimangodutsa," adatero, ngakhale msewuwo umathera pageti pomwepo. Wachiwiri adali aneba, foni ndi tchaja m'manja, kudzapempha kutchajitsa, pomwe magetsi athima dera lonse. Wachitatu mkulu wa mpingo, atanyamula maenvulopu a Pepala Sande. Asanakhale pansi n'komwe, kabaza adaima panja n'kutsitsa apongozi ochokera ku Ntcheu, thumba la mbatatesi, nkhuku yomangidwa miyendo ndi adzukulu awiri. Foni sadaimbe. Munthu saimba foni popita kwa mwana wake.

Chakudya chidagulidwa cha anthu anayi. Pabalaza padali anthu khumi. Anti sadawerengedwe m'masamu onse awiriwo.

Apa ndiye pagona nkhani. Kaphikidwe kathu kadapangidwa ndi anthu odziwa kuti chakudza sichiimba ng'oma. Alendo akachuluka, madzi a nsima amaonjezedwa, ufa ulipo m'thumba. Ndiwo zimalandira kapu ina ya madzi ndi tomato wina, nyama n'kumasambira patalipatali, aliyense n'kukhuta msuzi. Wok ilibe chifundo chotero. Imafuna pang'onopang'ono, mbale imodzi kapena ziwiri pa ulendo umodzi. Ukaidzaza, chitsulo chimazizira, masamba amatulutsa madzi, ndipo zomwe umati ukukazinga zimayamba kuwira. Ndi chakudya cha nyumba yomwe imadziwa kuti lero tidya angati, ndipo nyumba yotero pamzere wathu sidamangidwebe.

Madamu adaponya sipageti wina pamoto, atamuthyola pakati kuti akwane mupoto. Adathira kabichi yense wotsala. Adakhuthulira zonse mu wok nthawi imodzi, phiri mpaka m'mphepete. Phokoso lija la tswaa lidaleka, m'malo mwake mudayamba kumveka bwatabwata. Adayesa kuponya m'mwamba monga adachitira bambo wa mufoni. Zina zidabwerera, zina zidapita kwa nkhuku ya apongozi. Ali kalikiliki kutola, Anti adapeza mpata. Tomato awiri aja adalowa mwakachetechete, ndi kadzanja ka mchere pamwamba, poti Anti sakhulupirira kuti madzi akuda a m'botolo angakoleretse ndiwo. Madzi akudawo anali atakoleretsa kale kawiri.

Chakudyachi amati chidyedwe chikufuka. Chidayamba chajambulidwa. Madamu adasankha kambale koyera, adayala zingwe zomwe zidapulumuka, adaikapo timasamba ta anyezi, adagoneka timitengo. Adajambula ataima, adajambula atagwada, adakwera pampando, mwana akuunikira ndi tochi. Mbaula idakankhidwa ndi phazi kuti isalowe m'chithunzi. Kenako mkulu wa mpingo adapemphedwa kudalitsa. Adayambira kwa ophika, adapita kwa odwala m'zipatala, apaulendo, atsogoleri a dziko, mvula ya chaka chino, n'kudzafika kwa anthu a ku China amene chakudya chawo chatipeza. Pofika pa Ameni, zingwe zinali zitagwirana chumodzi.

Timitengo tidalipo tokwanira anthu anayi, ndipo tidaperekedwa motsata ulemu. Bambo adagwira kamodzi dzanja ili kena dzanja ilo, n'kuyamba kukankha chakudya kuchokera mbali zonse. Mkulu wa mpingo adabaya. Alamu ndiwo adadzuka kukhala katswiri, poti adagwirako ganyu yonyamula simenti pomwe bwalo la ku Area 48 linkamangidwa, ndipo kuchokera nthawi imeneyo amapereka moni wa "ni hao" kwa aliyense wooneka wachilendo, ngakhale Mjapani.

"Kamtengo kapansi sikayenda, kamayenda ndi kapamwamba," adalangiza, ndipo apo adanena zoona. Adakweza zingwe zitatu mpaka pachibwano, zidaterereka n'kugwera m'thumba la shati. Sadagwe mphwayi. "Komanso anzathuwa patsiku lokumbukira kubadwa amadya ma noodles ataliatali. Kutalika kwake ndi moyo wautali. Sadula ayi."

Apongozi, omwe anali atasamba kale m'manja ndipo ankayesa kuumba nthongo yosaumbika, adakweza kachingwe kamodzi kakafupi n'kukayang'anitsitsa.

"Nanga izi wadula ndani?"

Pabalaza padangoti zii.

"Kuti zikwane mupoto, amayi," adayankha Madamu motsitsa mawu.

"Ndayenda ulendo wonsewu kudzadulidwa moyo ndi mpongozi wanga?"

Mwana wa Fomu 2 adafuna kupulumutsa mayi ake ndi nzeru za pa intaneti. Adati chakudyachi n'chakale kwambiri: mu 2005 akatswiri adalengeza kuti pamalo otchedwa Lajia ku China adafukula mbale yovundikira, mkati mwake muli ma noodles a zaka pafupifupi 4,000, ndipo adati adapangidwa ndi mbewu za mtundu wa mawere.

"Mawere ndi a thobwa," adadula agogo ake. "Tsono ndiuzeni bwinobwino, ana inu. Izizi ndi nsima kapena ndi ndiwo?"

"Ndi zonse pamodzi, agogo."

"Ndiye ndisunsa chiyani m'chiyani?"

Funso limeneli palibe adaliyankha. Mdzukulu wamng'ono anali atapeza botolo la oyster sauce ndipo ankafuna kudziwa kuti oyster n'chiyani. Wa Fomu 2 uja, posaphunzirapo kanthu pa zomwe zidangochitika, adafotokoza kuti ndi kanyama kokhala m'chigoba m'nyanja yamchere, kachibale ka nkhono. Adaonjeza kuti msuziwo adauyambitsa Lee Kum Sheung ku Guangdong mu 1888, ndipo nkhani imati adaiwala mphika pamoto mpaka msuzi udauma n'kuda.

"Nkhono," adatero apongozi, akukankha mbale pang'onopang'ono. "Nkhono zopserera."

Aneba adameza zomwe zinali m'kamwa movutikira, koma mbale sadaisiye. Mkulu wa mpingo adapempha madzi akumwa kachitatu.

Komabe ulemu wa m'tauni sudasweke. Aliyense adayamikira. "Koma ndiye mwaphika, Madamu." "Zapamwamba zedi, ngakhale kuhotela sangafike apa." Alamu adati kakomedwe kake n'komweko ndithu ka ku China, dziko lomwe adaliona pakalendala. Mbale zitachotsedwa, palibe adadzuka. Onse adakhala chete, manja ali pamaondo, maso kukhomo la kukhitchini. Bambo adatsokomola.

"Amayi, zotsegulira m'mimbazi tathokoza. Alendowa achokera kutali."

Madamu adatsegula pakamwa kuti afotokoze, koma kuseri kudamveka kale mthiko ukugunda m'mbali mwa poto. Anti adatereka madzi pamakala otsala nthawi ya pemphero lija, ali pakati pa odwala ndi apaulendo. Nsima idabwera mitanda yake, ndi bonya wa dzulo, ndipo zotsala za mu wok, zomwe tsopano zinali ndi tomato, mchere ndi msuzi, zidakhala pambali. Apongozi adasunsamo kamodzi, poiwala za nkhono, n'kugwedeza mutu.

"Eya. Ndiwo zake n'zabwino. Mumangolakwitsa kadyedwe."

Usiku womwewo, magetsi atayaka, chithunzi chidakwera pa status. Mudalibe mbaula, mudalibe bonya, mudalibe apongozi. Amayi a kubanki m'khonde adathira mitima ndi malawi a moto, ndipo atatu adafunsa resipe. Madamu adawayankha kuti n'zosavuta, chachikulu ndi kukhala ndi zipangizo zoyenera. Pofika Lolemba, mayi wokaoda katundu ku Guangzhou uja anali atalandira maoda atsopano a wok, olipira kumapeto kwa mwezi.

Apongozi pobwerera ku Ntcheu adapempha kanthu kamodzi kokha. Adati chitsulo chija n'chabwino, chimagwira moto, chingakazinge mtedza wambiri osatayikira. Mpongozi sakaniza apongozi ake, choncho wok idakwera kabaza itamangidwa pachitenje. Madamu sadadandaule kwambiri, chifukwa adali ataona kale kanema wina. Akuti Loweruka likubwerali n'za ku Japan: mpunga wozizira wokulunga m'ndere za m'nyanja, ndi nsomba yaiwisi pamwamba. Bambo akumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi semina ku Salima. Anti naye wapempha kale chilolezo: akuti tsiku limenelo kumudzi kwawo kudzakhala maliro.