Miono ya Eni Ake

Alamu anga anali mkamwini wovuta kumupezera chifukwa. Kwathu kuno ku Phalombe mwamuna akakwatira amadzamanga kuchikamwini, ndipo ife alongo ake a mkazi timakhala maso kuona ngati akulima, ngati denga likudontha, ngati ana avala. Iwo zonsezi ankachita, koma ankazichita mothamanga kuti apeze mpata wothawira kuthengo. Chimanga chikangolowa m'nkhokwe, mumawaona ali khasu paphewa, timnyamata tili pambuyo, akupita kokakumba mbewa m'minda ya nandolo. Dzuwa la Okutobala likafika poswa mtengo, ankaitana agalu awo owonda aja, chibonga m'manja, kulowera m'mphepete mwa phiri la Michesi. Tsiku labwino ankabwerako ndi kalulu kapena nkhanga. Masiku ambiri ankabwerako ndi chisoso m'buluku ndi nkhani zokhazokha, koma nkhope ili ngwee.

Mtima wawo weniweni unali ku Chilwa. Kuyambira ku Mpoto mpaka ku Swang'oma ankadziwa ngalande iliyonse yodutsa m'njedza. Ndi iwo anandiphunzitsa, ine mphunzitsi, kuti nyanjayi ilibe potulukira: madzi a Phalombe, Sombani, Likangala ndi Domasi akalowamo amangotengedwa ndi dzuwa, n'chifukwa chake amamveka kamchere pakamwa, n'chifukwa chakenso nyanja yonse imatha kuphwa. Ankakonda kufotokoza za 1995, pamene ali kamnyamata anayenda wapansi pamalo pomwe bambo awo ankatchera matchera. Akayamba za matemba, makumba ndi milamba, kapena za atsekwe ndi achipiyo amene anachititsa kuti mu 1996 nyanjayi ilowe m'mndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse, nsima inkazizira m'mbale.

Tsono tsiku lina lopuma, nyanja isanaphwenso mu 2018, pakamwa panga panandipereka. Titakhala pakhonde ndinati usodzi ndi ntchito ya anthu amene masamu anawakana, ingofunika tulo tochepa ndi mphuno yosamva fungo. Alamu sanatsutse. Anangoti, "Ndiye Loweruka tipitire limodzi, alamu, mukatithandize nzeru."

Za ulendo wapanjinga sindinenapo zambiri, kupatula kuti pofika padoko ndinali nditayamba kuyenda motang'adza. Chilwa ndi nyanja yosaya, ndipo m'ngalande bwato amaliyendetsa poponda pansi ndi nsungwi yaitali. Ndinalanda nsungwiyo kuti ndionetse kuti palibe chachilendo. Ndinaizika m'matope ndi mphamvu zanga zonse, inakana kuzuka, bwato linapitirira ulendo wake, ine n'kusankha kukhala ndi nsungwi. Anandivuula ndili thope mpaka m'makutu, nsapato imodzi itatsalira pansi. Sanaseke. Anayang'ana kumbali, mapewa okha akugwedezeka.

Tinakafika pachimbowera cha mnzawo, kanyumba kaja asodzi amamanga pamwamba pa udzu woyandama, momwe amagona, kuphika ndi kuwamba nsomba milungu yathunthu osaponda mtunda. Alamu anati akukaona mbedza zawo chapatali, ine nditsale ndiume. Ponyamuka anandilozera chakum'mawa. "Miono yathu ili apo, yomanga kansanza kofiira panjedza. Musavutike nayo, tikavuula limodzi."

Mawu akuti musavutike aja ndi amene anandipweteka. Munthu woti wagwera m'madzi pamaso pa mkamwini amafuna pobwezera ulemu. Ndinakwera kabwato kena komwe kanali pomwepo, n'kumadzikoka ndi manja pogwira njedza, mpaka ndinaona chinthu chofiira chikupepeluka. Sindinafunse ngati nsanza ndi pepala la pulasitiki n'chimodzi. Ndinapisa mkono, n'kutukula mono wolemera, mkati milamba ikuphiriphitha. Mono ndi chinthu chanzeru: kukamwa kwake nsungwi zimaloza m'kati, nsomba ikatsata gaga imalowa koma siyibwerera, ndipo kumbuyo kuli pomasula pamene mwini wake amakhuthulira. Ine pomasulapo sindinapaone. Ndinali ndi mpeni. Ndinang'amba woyamba, wachiwiri, ndi ina yotsatira mumzere womwewo, mlamba wina n'kundibaya ndi munga wake pachikhatho, koma ululu sindinaumve. M'mutu ndinali nditayamba kale kukonza mawu odzanena kumudzi.

Mwini miono anafika alamu asanabwere. Anali mkulu wa imvi, wouma thupi, ndipo sanakalipe n'komwe. Anayang'ana miono yong'ambikayo, anayang'ana nsomba m'bwato, kenako anayang'ana phazi langa lopanda nsapato. Kunyanja kuvuula mono wa mnzako ndi mlandu woipa kuposa kuba nkhuku, chifukwa zipangizo zimagona zokha pamadzi ndipo chimazilondera ndi kukhulupirirana basi. Anthu anayamba kutulukira m'njedza mbali zonse, sindikudziwa kuti anamva bwanji.

Alamu atafika anaona zonse kamodzi n'kamodzi. Anavula chipewa. "Bambo, wavuula ndine. Awa ndi alendo, ndinangowasiyira kuti andigwirire bwato." Aliyense ankaona kuti magazi ali padzanja la yani ndipo mpeni uli ndi yani. Koma mwini wake wa mlandu anali atapezeka, ndipo ine, amene pakamwa sipanatsekeke sabata yonse, ndinangoti duu.

Nkhani inakambidwa padoko pamaso pa akomiti ya asodzi, ndipo anagamula kuti abweze miono yatsopano ndi mtengo wa nsomba, n'kuwonjezapo chindapusa. Ndalama zoterozo alamu analibe, inenso mwezi unali pakati. Inapita ndi mbuzi ya achemwali, yaikazi, yomwe inali ndi bere. Panjira ndinayesa kunena kuti ndikaulula. Anandikaniza. "Alamu, mkamwini amakhala wolakwa kale, mlandu umodzi wowonjezera sungandithyole msana. Koma inu zikamveka, ana asukulu adzakupekerani nyimbo, ndipo choko mudzachisiya." Ndinavomera msanga kwambiri, ndipo kufulumira kumeneko kumandichititsa manyazi mpaka lero.

Choipitsitsa chinali chisanabwere. Achemwali anakwiya koopsa, anaitanitsa bwalo lapabanja, ndipo mwini mbumba woyenera kudzudzula mkamwini wakubayo anali ine. Ndinakhala pampando, iwo pamphasa. Mayi athu aang'ono anati, "Lankhulani, inu munaliko." Ndikanatha kungoti zatha, tikhululukirane. Koma mphunzitsi akapatsidwa anthu omumvera saleka. Ndinalankhula za kukhulupirika. Ndinati mbiri yabwino iposa chuma. Ndinafika mpaka ponena kuti ana amatengera zimene akuona kwa bambo awo, dzanja lomanga bandeji ndikuligwedeza m'mwamba. Alamu anali chiweramire, akuvomera kuti, "Zoona, alamu. Ndamva, alamu." Mapewa aja ankagwedezekanso, ndipo anthu anayesa kuti akulira.

Sanandikumbutsepo poyera ngakhale tsiku limodzi. Chilango chawo chinali china. Akabwera kunyanja ankatumiza mwana ndi mlamba wowamba, wonenepa bwino, ndi uthenga woti, "Akuti uwu ngwa m'mono wathuwathu, wa nsanza." Mkazi wanga ankayamikira mtima wabwino wa mlamu wanga. Ine ndinkadya movutikira, koma ndinkadya.

Nyanja itaphwa mu 2018 anavutika mtima kwambiri, ankangozungulira pakhomo n'kumakonza matchera osang'ambika. Madzi anabwerera ndi mvula yoopsa ya Malichi 2019, ndipo iwo anali m'gulu la oyamba kukankhira bwato m'ngalande. Chaka chomwecho anadwala malungo masiku owerengeka n'kutisiya, asanakwanitse zaka 35, kusiya mkazi ndi ana atatu. Pamaliro asodzi anabwera ambiri, ena atapalasa njinga usiku wonse. Mkulu wa miono uja analiponso. Pondipatsa moni anatembenuza dzanja langa, anayang'ana chipsera cha pachikhatho, anati, "Chinapola bwino," n'kupitirira.

Chimene chandiululitsa ndi mphwanga wamkulu. Tsopano ndi mnyamata, ndipo watengera bambo ake ndendende, legeni m'khosi, maso kunyanja. Mwezi wathawu ndinamva achemwali akumukalipira kuti akapitiriza zakunyanjazo adzakhala wovuula miono ya eni ngati bambo ake. Mnyamatayo anangozyolika. Usiku umenewo tulo sindinatione, ndipo m'mawa ndinapita kukagwada pakhomo pawo, n'kufotokoza zonse kuyambira pa nsungwi.

Achemwali anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anati, "Ndiye munthu uja ndinamumana nsima masiku atatu, ine n'kumakuphikirani inu nkhuku yopepesera kuti anakuchititsani manyazi kunyanja?" Analira, inenso ndinalira, mphwanga ali chiimire pakhomo akundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Ndinaganiza kuti zathera m'misozi momwemo. Koma atapukuta m'maso anatuma mwana kuti akatenge kope ndi cholembera.

"Achimwene, paja masamu mumawatha. Mbuzi ija inali ndi bere, ndipo inkaswa awiriawiri. Ana ake aakazi nawonso akanaswa. Werengani kuyambira chaka chimenecho."

Ndinayesa kukumbutsa kuti mbuzi zina zimafa ndi chigodola, zina amaba, zina zikanakokoloka ndi madzi a namondwe wa Freddy mu 2023. Anati zawo sizikanafa. Tinakangana mpaka dzuwa kupendeka, ndipo tinagwirizana pa mbuzi zisanu ndi imodzi, ziwiri pokolola paliponse, kuwonjezapo nkhuku ija. Mphwanga, amene anakhala mboni, anapempha kuti m'kopemo mulembedwenso kuti ndidzamugulira bwato akamaliza Fomu 4, ndi kuti malume ake asadzakweremo.