Si mowa, ndi khutu

Mlembi wa danga lino, yemwe amachita lendi kachipinda kuseri kwa nyumba ya bwana wina ku Area 47, watopa ndi miseche. Anthu akuti akamachokera kumowa ku Bwandilo amayenda ngati bakha. Iye akuti nkhaniyi ndi ya sayansi, ndipo umboni ali nawo.

Madokotala amati palibe munthu amene amaima nji osagwedezeka. Thupi limapendekera uku ndi uku pang'onopang'ono, ngakhale la abusa pa guwa. Poyenda ndiye zimanyanya, chifukwa pafupifupi magawo 80 pa 100 a nthawiyo munthu amakhala ataponda pansi ndi mwendo umodzi wokha. Amene amamugwira kuti asagwe ndi maso, mapazi omwe amamva nthaka, ndi timachubu titatu ta madzi mkati mwa khutu lililonse. Onsewa amakapereka lipoti ku kachigawo ka ubongo ka kunkhongo. Mowa umasokoneza madzi a m'khutuwo ndi ubongo womwe. Magetsi akathima, maso nawo amaweruka. Ndiye mapazi okha, ali m'nsapato za pa kaunjika zodyeka chidendene mbali imodzi, angatani?

Mayi a kunyumba adamvetsera zonsezi akupeta mpunga. "Nanga tsiku lija mudaphonya thabwa n'kugwera m'ngalande dzuwa likuswa mtengo, khutu lanulo lidamwa chiyani, bambo?"

Chomupweteka mtima mkuluyu ndi amayi ochokera ku Mtandire, kutsidya kwa Lingadzi, amene amadutsa pa thabwa lomwelo m'mawa uliwonse. Beseni la tomato ndi mpiru lili pa nkhata, mwana kumsana, dzanja lina likuwerenga chenji, m'chiuno mokha ndi momwe mukugwedezeka. Tomato ngakhale mmodzi sagwa. Mu 1986 akatswiri adapima amayi achi Luo ndi achi Kikuyu ku Kenya, n'kupeza kuti amasenza katundu wolemera magawo 20 pa 100 a thupi lawo popanda kuwonjezera mphamvu zomwe amagwiritsa ntchito poyenda. Akatswiriwo akadangofika ku Area 47, akadaona zomwezo ulele.

Mkulu wathuyu adati naye ayesere kuseri kwa nyumba, ndi ndowa ya madzi theka pamutu. Madziwo adathera pa zovala za mkazi wa landilodi zomwe zidali zitauma kale pa chingwe, ndipo za lendi akuti akambirana bwinobwino mwezi ukatha.