Chaulere Chifukwa Chiyani?

"Munthu anafa mu 1915, ndiye chilolezo ndikapemphe kwa ndani? Kumanda?"

Mawuwa anamveka mokweza moti tonse amene tinali pamzere wa chiwaya tinacheuka. Inali nthawi ya nkhomaliro ku City Centre mumzinda wa Lilongwe, pamene anthu amatsika ku Capital Hill ndi kutuluka m'mabanki kudzafuna chakudya pansi pa mitengo, chapafupi ndi laibulale ya National Library Service. Wolankhulayo anali mnyamata wosindikiza makalendala ndi malaya, laputopu ili pamiyendo. Pambali pake panakhala bambo wachikulire wa jekete lotuwa, amene m'kati mwa nkhani zinadziwika kuti anagwira ntchito yosamala mabuku mpaka kupuma. Mayi wina wa pa fotokope anaima chapomwepo, mbale ili m'manja.

Mnyamatayo ankakonza kalendala ya mbiri ya Malawi, mwezi uliwonse ndi chithunzi chake. Zonse zimene anatola anaziunjika mu foda imodzi, n'kuitcha "zaulere".

"Sindikukuletsa kusindikiza, mphwanga," anatero bambowo. "Ndikuti pansi pa chithunzi chilichonse ulembe chifukwa chimene ukunenera kuti n'chaulere. Tatsegula Januwale."

Januwale anali John Chilembwe, popeza tsiku lomukumbukira ndi pa 15 mwezi womwewo.

"Amene anafa mu 1915 ndi wojambulidwa. Lamulo limafunsa za wojambula. Anagwira kamera ndani?"

Mnyamata anangokweza mapewa.

"Zina mwa zithunzi za Chilembwe zimene timazidziwa anajambula Mungo Murray Chisuse wa ku Blantyre Mission. Anali wosindikiza ngati iwe, komanso mmodzi mwa Amalawi oyamba kugwira kamera. Chithunzicho chadutsa zaka 100, wojambula anapita kalekale, palibe akuletse. Koma fufuza ngati ichi n'chake, ulembe dzina lake, ulembenso kuti nthawi ya umwini inatha. Ndipo usayerekeze kutenga nkhope ya pa K2,000. Imeneyo ndi ndalama ya Reserve Bank apo, ili ndi malamulo akeake."

Apa ndinaiwala za tchipisi. Nkhope ya Chilembwe taiona m'mabuku a sukulu, m'nyuzi ndi pa malaya, koma ndi angati a ife tinaonapo dzina la Chisuse pansi pake? Chinthu chikangotchedwa chaulere, choyamba kutayika chimakhala dzina la amene anachipanga, ndipo kawirikawiri lotayikalo ndi dzina la munthu wakuda, pamene la mmishonale limatsala pachikuto.

Mayi wa fotokope anafunsa zimene ambiri tinkafuna kufunsa. "Bambo, nanga nthawi imeneyo ndi zaka zingati? Ife anthu amangobwera ndi mabuku, akuti akalekale, tipangireni."

Bambowo anayankha mosathamanga. Lamulo la copyright limene tikugwiritsa ntchito ndi la 2016, linalowa m'malo mwa la 1989, ndipo bungwe la COSOMA, limene linayamba ntchito mu 1992, ndilo lakhala likuyang'anira. Buku limakhala ndi mwini moyo wonse wa wolemba, kuwonjezapo zaka 50 iye atamwalira. Chimene anthu amasokoneza, iye anati, ndi powerengera: amayang'ana chaka chimene buku linatuluka, pamene choyenera kuyang'ana ndi chaka cha maliro.

Anapempha mnyamatayo atsegule Febuluwale. Panali tsamba loyamba la dikishonale ya Chimang'anja ya David Clement Scott, ya 1892. "Scott anamwalira mu 1907. Alexander Hetherwick anaikonzanso mu 1929, iyenso anamwalira mu 1939. Zonse ziwiri tenga. Koma dikishonale ya Steven Paas imene ili m'masitolo lero usaikhudze, ngakhale mawu ambiri ali omwewo."

Kenaka anafika pa Malichi, pamene panali chikuto cha Nthondo, buku la Samuel Josia Ntara la 1933, ndi ndime yaitali yotengedwa m'kati mwake.

"Ilinso ndi lakalekale, Bambo. Agogo anga analiwerenga ku sukulu."

"Ntara anamwalira mu 1976. Werengera wekha."

Mnyamata anawerengera pa foni, ngakhale masamuwo anali osafuna foni. "2026."

"Eya. Mpaka chaka chimenecho chithe, bukulo lili ndi eni. Buku la 1933 lomangika, pamene la 1929 lomasuka. Ukangolemba kuti zonse n'zaulere, wodzatenga kwa iwe adziwa bwanji kusiyana kwake?"

Mayi uja anagwedeza mutu n'kunena kuti zikufanana ndi tsala kumudzi. Ukapeza munda wagonera zaka, sumangolowamo ndi khasu. Umafunsa anyakwawa ngati mwini anamwalira, anasamuka, anaupereka kwa mudzi, kapena ndi malo a kudambwe. Udzu umaoneka umodzimodzi, koma yankho lililonse lili ndi mlandu wakewake.

Pa Meyi panali ndime za Malamulo Oyendetsera Dziko a 1994. Mnyamata anayamba kudziteteza asanafunsidwe, akuti amene anawalemba ena adakali moyo, ndiye kapena achotse tsambalo.

"Lisiye. Limeneli n'laulere pa chifukwa china. Malamulo a dziko ndi zigamulo za makhoti sizikhala ndi copyright chiyambire, chifukwa munthu sangalamulidwe ndi mawu amene saloledwa kukopera. Ngakhale lamulo limene Nyumba ya Malamulo apo yavomereza chaka chino, amayiwa akhoza kupanga fotokope. Pamenepo ulembe kuti ndi lamulo la dziko, osati kuti linakalamba. Koma loya akalemba buku lofotokoza malamulowo, bukulo ndi lake."

"Ndiye kuti za boma zonse ndi zaulere?" Uyu anali mwini chiwaya, amene mpaka pamenepo tinkayesa sakumva.

"Ayi, achimwene, pamenepo ndiye pali mbuna."

Ndipo mbunayo inali pa Juni, chithunzi chokongola cha nyanja ya Malawi chojambulidwa kuchokera m'mlengalenga ndi NASA. Bambowo anafotokoza kuti ku America zimene ogwira ntchito m'boma lalikulu apanga pa ntchito yawo sizikhala ndi copyright, n'chifukwa chake zithunzi zambiri za NASA anthu amazitenga momasuka. Limenelo ndi lamulo la kwawo. Munthu akaona mawu oti "chithunzi cha boma, chaulere" popanda dzina la dziko, mawa adzatenga mapu kapena buku la sukulu lopangidwa ndi boma lathu n'kuyamba kugulitsa, poganiza kuti lamulo ndi lomwelo.

Ine ndikuona kuti pamenepa ndi pamene nkhaniyi imaposa kalendala ya mnyamata mmodzi. Masiku ano chinthu chikalowa mu foni chimawoloka malire tsiku lomwelo, koma malamulo sawoloka nacho. Malawi analowa mu mgwirizano wa Berne mu 1991, ndipo mgwirizanowo umati zaka zisachepere 50, koma dziko likhoza kuwonjezera. Zambia ndi South Africa ali pa 50 ngati ife. Mozambique, Britain ndi mayiko a European Union ali pa 70. Mlembi wa ku Britain amene anamwalira mu 1970, buku lake linamasuka kuno zaka 50 zitakwana, koma kwawo lidakali lomangika mpaka 2040. Wosindikiza wa ku Lilongwe akalitulutsa sanalakwe. M'bale wake wa ku London akalandira fayilo yomweyo n'kuyamba kugulitsa, walakwa. Chimene chingamupulumutse ndi mzere umodzi wonena dzina la wolemba, chaka chimene anamwalira, ndi dziko limene lamulo lake lawerengedwa. Mawu oti public domain kapena "chaulere" okha, opanda zimenezi, sauza munthu ngati angayende nacho chinthucho kukafika ku Tete.

Palinso zimene mwini wake amazimasula yekha adakali moyo. Bungwe la Creative Commons linakonza chizindikiro cha CC0 mu 2009 kaamba ka anthu otere, ndipo mu 2010 linatulutsa china, Public Domain Mark, cha zinthu zimene zinamasuka kale chifukwa cha ukalamba. Anazisiyanitsa dala. Choyamba ndi mawu a mwini, akuti ndapereka. Chachiwiri ndi umboni wa munthu wina, akuti ndafufuza ndapeza kuti nthawi inatha. Mboni ikhoza kulakwitsa, n'chifukwa chake iyenera kuonetsa masamu ake.

Mzere uja umatetezanso mbali ina imene sitiiganizira. Alipo anthu amene amatenga chithunzi cha zaka 100, n'kudindapo dzina lawo pakati, n'kumalipiritsa ngati anajambula okha. Mphunzitsi wa ku Dowa akaona chidindocho amaopa, ana n'kuphunzira mbiri popanda chithunzi chimene n'chawo kale. Pakanakhala chizolowezi cholemba chifukwa, wodindayo akanafunsidwa kuti umwini wakewo anautenga kuti. Ndikanakonda malo amene amasunga chuma chotere, monga National Archives ku Zomba, Society of Malawi ku Mandala ndi malaibulale a m'mayunivesite, atatsogolera pa zimenezi: chilichonse chimene akupereka kwa anthu chizituluka ndi mzere wake. Iwo ndiwo ali ndi mafayilo osonyeza amene analemba ndi chaka chimene anamwalira. Mnyamata wa pansi pa mtengo alibe.

Tchipisi changa chinapsa, ndinalipira, koma sindinachoke, chifukwa anali atafika pa Ogasiti. Panali chithunzi cha gule wamkulu, ndipo mnyamata anali atakonza kale zoti chomwecho chipite pa malaya ogulitsa kwa alendo ku Old Town.

"Apa ndiye musandivute, Bambo. Gule alibe mwini. Ndi wa makolo."

Bambowo anavula magalasi. "Pa zonse zimene waunjika mu foda yakoyi, chimene chili ndi mwini wosafa ndi chimenechi."

Anati lamulo lathu limaika zachikhalidwe, monga nthano, nyimbo za makolo, magule ndi zosemasema, m'manja mwa boma m'malo mwa anthu a Malawi, ndipo umwini umenewo sutha ndi zaka. Kuvina pa maliro, pa chinamwali kapena pa chikondwerero palibe amafunsa. Koma ukafuna kupangira ndalama kunja kwa mwambo wake, pamafunika chilolezo. Kuwonjezera apo, chithunzicho chili ndi amene anachijambula, ndipo ngati ndi cha posachedwa, iyeyo naye ali ndi umwini wake. Anapereka chitsanzo cha nyimbo zimene Hugh Tracey anajambula m'midzi ya kuno m'zaka za m'ma 1950, zimene zikusungidwa ku International Library of African Music ku Rhodes University: nyimbo ndi ya mudzi, woimba anali ndi dzina lake, tepi ili ku South Africa. Eni atatu pa chinthu chimodzi chimene wongomva amati n'chopanda mwini.

Mayi wa fotokope, amene anati kwawo ndi ku Dedza, sanakhutire. "Boma ndi limene limavina? Ndalama ya chilolezoyo ikafika kwa amene amasema chigoba ndi kusoka nsanza?"

Bambowo sanamutsutse. Ine ndili kumbali ya mayiyu. Lamulo linachita bwino kukana kuti zamakolo zikhale zongotola aliyense, chifukwa zikanatero kampani yakunja ikanazitenga n'kuzitsekera m'dzina lake. Koma gule wamkulu, amene UNESCO inamuzindikira mu 2005, ndi wa Achewa a m'mayiko atatu, Malawi, Zambia ndi Mozambique, amene chaka ndi chaka amakumana pa Kulamba ku Mkaika kwa Kalonga Gawa Undi. Chilolezo cha mu ofesi ya ku Lilongwe sichingayankhe ngati chilombo chakutichakuti n'chololedwa kuikidwa pa malaya. Zimenezo amadziwa ndi akuluakulu a kudambwe. Choncho mzere wa pansi pa chithunzi chotere uyenera kukhala wautali kuposa ena onse: mudzi wake, mfumu yake, wojambula, ndi amene analola.

Mnyamata anakhala chete kanthawi, akuyendetsa chala pa laputopu. Kenaka anadandaula kuti mizere yonseyi idya malo, zithunzi zichepa, ndipo ogula kalendala sawerenga tizilembo ting'onoting'ono.

"Wogula mwina sawerenga," anatero mayi uja, "koma wodzabwera nayo kwa ine kuti ndimupangire fotokope, ine ndidzawerenga. A COSOMA akafika pa shopu amafunsa ine, safunsa inu. Safunsa anadya phula, achimwene."

Nthawi inali itatha, anthu a mataye anayamba kubwerera m'maofesi, ndipo kondakitala wa minibasi ya ku Area 25 ankaitana okwera. Mnyamata anagawa foda yake ija pawiri, kenaka patatu, akufunsa bambowo kalembedwe ka dzina la Hetherwick. Malichi anamuika pambali. Pa Ogasiti anaima.

"Ndiye za gulezi ndiyambire kuti, Bambo? Ku COSOMA?"

"Kumeneko upite ndithu. Koma chithunzichi unachitenga kuti?"

"Ananditumizira msuweni wanga. Anajambula pa maliro a mfumu kwathu ku Mitundu."

"Ndiye Loweruka ukwere minibasi, ukayambe ndi amalume ako. Usapite chimanjamanja."