Timitengo tokwera mtengo

Kwathu kwa Nsabwe, ku Thyolo, mwana amadziwa lamulo la tiyi asanayambe sukulu: masamba awiri ndi kansonga, basi. Ukaponya timitengo m'dengu, kapitawo wa pasikelo amakuyang'ana ngati wamudyera mbuzi ya chiwongo. Ine ndinakula ndikudziwa kuti kamtengo m'tiyi ndi manyazi.

Ndiye mphwanga wa ku Limbe wabwera ndi nkhani. Akuti ku Satemwa, esiteti ija inayamba mu 1923, amasankha dala timitengo tanthete ta tiyi, kutiumitsa mosamala, n'kutipatsa dzina loti Satemwa Antlers. Timitengoto tikatero timakwera ndege. Ku Ulaya amatigula m'timapaketi tating'ono, ndipo amayamba atinunkhiza kaye asanathire madzi. Palinso tiyi wina amamutcha Zomba Pearls, ndi wina Thyolo Moto, amene amamufukiza utsi mwadala. Utsi, abale! Mayi a Mphatso akhala akundiphikira tiyi wonunkha utsi chikwatiraneni, ine n'kumalalata kuti nkhuni zinali zaziwisi. Kani ndinkamwa za mabwana, ulere, uku ndikudandaula.

Sindikunyoza ayi. Tiyi ameneyo ndi ntchito yamanja ndipo amene amamupanga amadziwa chimene akuchita. Koma tayesani kulemba papaketipo kuti "zotsalira za m'dengu" muone ngati mzungu angatulutse chikwama.

Ifenso amalonda anatilowa m'kamwa kalekale osagogoda. Madzi alionse otsekemera osungunula timati sobo, ngakhale a Southern Bottlers sanawaonepo. Mankhwala otsukira mano onse ndi kologeti, sopo waufa yense ndi safu. Ine ndinatumapo Mphatso kugolosale kuti akagule kologeti wa Aquafresh, ndipo wogulitsa sanadabwe, anangopereka.

Nanga za Chishango? A bungwe la PSI atabweretsa makondomu a dzina limeneli mu 1994, anapulumutsa amuna ambiri ku chibwibwi. Kale munthu unkafika pakauntala, wogulitsa ali mkulu wa mpingo, n'kutuluka ndi machesi amene sunawafune. Dzina lankhondo lija linatipatsa mtima. Koma mawuwo anapita osabwerera: lero mlaliki akangotchula chishango paguwa, anyamata a mabenchi akumbuyo amayamba kutsinana.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi mgaiwa. Tili ana, nsima yamgaiwa tinkadyera kuseri kwa nyumba kuopa anzathu. Mlendo akabwera, mayi ankathamangira kwa aneba kukabwereka ufa woyera. Lero mphwanga yemwe uja, kamimba kali patsogolo, amafunsa mgaiwa m'lesitilanti mokweza mawu kuti onse amve kuti iye amasamala za shuga. Nkhuku yachikuda, imene inkagona mumtengo wa mango, m'tauni yasanduka "lokolo" ndipo yaposa mtengo nkhuku zoyera za m'khola. Chigumu chathu akuchitcha "African cake". Kaunjika naye sakutchulidwanso dzina lake. Amati "ndasankha m'belo longotsegula kumene", ngati kuti jeketelo silinavalidwepo ndi munthu wina ku Manchester.

Musaganize kuti ine ndine woyera. Ku Limbe akandifunsa kwathu ndimati, "Ku maesiteti a ku Thyolo." Ndimanena mokoka pang'ono kuti aganize kuti mwina esiteti ina ndi ya malume anga. Ndikanena zoona kuti kwa Nsabwe, pamakhala wina amene dzanja limapita lokha kumutu.

Tsono ndinati nzeru zimenezi nane ndidyerepo. Mayi a Mphatso amaphika zigumu za nthochi zoti ukadya umaiwala ngongole. Ndinawauza kuti vuto lawo ndi dzina. A Satemwa amatchula malo, Zomba, Thyolo, ndiye nafenso titchule kwathu monyadira. Ndinadula katoni, ndi makala n'kulembapo zilembo zikuluzikulu: NSABWE SPECIAL. Mtengo ndinaukweza kawiri, pakuti dzina labwino silikhala lotchipa. Tinakwera minibasi mpaka pa Bvumbwe, pomwe a magalimoto a ku Blantyre amaima kugula ndiwo zamasamba.

Anthu ankaima ndithu. Ankawerenga, kuyang'ana m'beseni, kundiyang'ana kumutu, n'kumapita. Wina anajambula katoniyo pafoni. Dzuwa litafika paliwombo, mayi wina wovala magalasi akuda anatsitsa windo la galimoto n'kufunsa mwaulemu wake wonse:

"Pepani bambo, nsabwezo mwathira m'kati kapena mwawaza pamwamba?"

Ndinayamba kufotokoza mbiri ya dera lathu, ndi za mfumu yathu, koma windo linali litakwera kale.

Mayi a Mphatso sanayankhule zambiri. Anachotsa katoni ija, kuikhalira, n'kukuwa, "Zigumu zamoto! Zigumu za nthochi!" Zinali zitazizira kalekale, koma beseni linatha minibasi yobwerera isanadzaze.

M'minibasimo ndinayesa kunena kuti mawu oti "zamoto" nawonso ndi nzeru zamalonda, ndiye kuti mfundo yanga yapambana.

"Bambo a Mphatso," anatero akumanga ndalama pansonga ya chitenje, "inu ntchito yanu kuyambira mawa ndi kusenza beseni. Makala musawagwirenso."