Kudya Kawiri pa Chichiri

Okutobala wa mu Blantyre sachita nthabwala. Dzuwa limatuluka litakwiya kale, mitengo ya jakaranda imakhuthulira maluwa ake m'misewu, ndipo anthu amene chaka chonse sanamvereko ndakatulo ngakhale imodzi amadzuka ali akatswiri a zaluso. Ndiyo nyengo ya Blantyre Arts Festival, chikondwerero chimene Thom Chibambo anayambitsa mu 2009. Kwa zaka zambiri kwawo kwa chikondwererochi kunali pa Chichiri, pamalo amene m'mapepala a boma ndi Blantyre Cultural Centre koma kwa tonsefe, kuphatikizapo makondakitala a minibasi, ndi pa French basi, ngakhale Afalansa eni ake anasamukapo kalekale.

Za magule, zisudzo ndi oimba alemba kale ena. Ine yanga ndi ya m'mimba.

Papepala amalemba kuti zonse ziyamba 2 koloko masana. Mwana wa mu Blantyre amadziwa kumasulira: 2 koloko ndi pamene mnyamata wa zokuzira mawu amayamba kuwerenga "wanu, thu, wanu, thu" osafikako pa fili. Pofika nthawi yoti ng'oma yoyamba ilire, matumbo ayamba kale awo magule. Apa mpamene wina pagulu, kawirikawiri amene walandira kumene kangachepe, amalakwitsa n'kunena kuti, "Tiyeni tikalumeko kaye." Mumugwire nkhope ameneyo, tikumana nayenso.

Munthu wa m'tauni pa chikondwerero amadya kawiri. Kudya koyamba n'kwa maso a anthu. Kumachitikira m'malo a nsalu patebulo ozungulira Chichiri ndi Ginnery Corner, ndipo amene akufuna kuoneka kwenikweni amakwera mpaka ku Mandala kukamwa khofi pakhonde la nyumba ija inamangidwa mu 1882. Posankha tebulo sayang'ana mthunzi, amayang'ana njira imene anthu ambiri akudutsa. Makiyi a galimoto amaikidwa patebulo mbale isanafike. Amene anabwera pa kabaza amaikapo magalasi a dzuwa.

Menyu ikabwera, maso amayambira kudzanja lamanja kumene kuli mitengo, kenako chala chimabwerera kumanzere kukafunsa dzina la chimene thumba lasankha. Zikatero munthu amatsokomola pang'ono n'kulengeza kuti masiku ano adokotala anamuletsa zamafuta. Olimba mtima okha ndiwo amayesa kufunsa.

"Achemwali, nyama ya mbuzi ilipo?"

"Yangotha kumene, bwana."

"Nanga nkhuku ya lokolo?"

"Amene amabweretsa sanabwere."

"Ndiye chilipo n'chiyani?"

"Zonse zilipo, bwana."

Zonsezo ndi nkhuku yachizungu ndi tchipisi, kapena chambo chimene mtengo wake amachita kunong'oneza.

Nsima iliponso, koma ndani angaitchule pagulu lotere? Apa mpamene ine ndimathedwa nzeru. Bungwe la UNESCO linalemba gule wamkulu pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, linalembanso tchopa mu 2014, ndipo mu 2017 linalembapo nsima yeniyeniyi. Kunena kwina, mwa zinthu zonse za pachikondwerero, nsima ndi imodzi mwa zochepa zimene zili ndi satifiketi. Koma bambo amene posachedwapa amaombera m'manja a tchopa, n'kumauza mtolankhani kuti mtundu wopanda chikhalidwe ndi wakufa, akuitanitsa kasangweji kodulidwa pakati, kobayidwa ndi kamtengo. Patebulo loyandikana nalo pali mzungu wa nsapato za matayala amene wangophunzira "zikomo" dzulo. Iyeyo waitanitsa nsima ndi nkhwani wotendera, wapempha beseni losambira m'manja, ndipo akutema mbamu mwachidwi, msuzi ukutsikira kuchigongono. Bambo aja akumuyang'ana mwachifundo. Mukayang'anitsitsa, si chifundo. Ndi kaduka.

Amene wadziwonetsa mphamvu n'kugula chambo ndiye ali pa mavuto ena. Chambo chinalengedwa kuti chizidyedwa ndi zala, munthu akutola minga mmodzimmodzi, akusunga mutu kuti ukhale womalizira. Pano akulimbana nacho ndi foloko ndi mpeni, nsomba ikuterereka mbale yonse. Mapeto ake mutu umabwerera kukhitchini uli wathunthu, mwini wake akuuperekeza ndi maso mpaka chitseko chitatsekeka. Ndikukhulupirira kuti palibe amene amapempherera chikondwererochi kuposa otsuka mbale.

Kupemphera ndatchulaku, kale tinkayamba nako. Tsopano chakudya chikafika, aliyense amadzutsa foni. Mbale imajambulidwa chakumwamba, chakumbali, kenako imasunthidwa kuti botolo la Green la mnzako lioneke ngati lako. Tchipisi imazizira ikudikira kuti a ku Facebook ayambe adya.

Ndiye pali nkhani ya "karibu". Tonse tinaleredwa kuti sungadye munthu akuyang'ana. Mwambowu sunafe m'tauni, unangochepa mawu. Wodziwana naye akamadutsa, umanena "tiyeni tidye" motsitsa, pakamwa pali podzaza, maso ali kwina. Munthu woleredwa bwino amayankha kuti, "Zikomo, pitirizani, ndadya kale," ngakhale m'mimba mwake mwangolowa tiyi wa m'mawa. Koma chikondwerero chili ndi ana ake amene yankho limenelo sanaliphunzire. Wamkulu wa iwo ndi mlakatuli wa chikwama cha chitenje, chodzaza ndi timabuku take timene sitinagulidwe. Iyeyo "karibu" amamumva ngakhale pakati pa ng'oma za beni. Amakoka mpando, n'kunena kuti angolawa. Amalawa ntchafu. Amalawa chiwindi. Uku akufotokoza mmene Amalawi sitilemekezera aluso athu, ndipo inu simungatsutse, chifukwa akunena zoona: wakhala akulakatula kuyambira masana ndipo malipiro ake mpaka pano ndi m'manja mwa anthu. Komatu ntchafuyo inali yanu.

Bilu ikafika, tebulo limene linali kukangana za tsogolo la zisudzo m'Malawi limangoti zii. Wina foni yake imalira popanda womuimbira. Wina amakumbukira kuti sanasambe m'manja, munthu amene wadya ndi foloko. Wachitatu amapapasa matumba onse mwakhama, kuyambira la malaya mpaka lakumbuyo, nkhope ili yodabwa, kenako amati, "Aise, lipira kaye, ndikuponyera pafoni netiweki ikabwera." Netiweki imeneyo yakhala ikubwera kuyambira chikondwerero cha chaka chatha. Wachinayi amatulutsa K5,000 imodzi n'kuiika pakati pa tebulo mwaulemu waukulu. Pamene pepala limeneli linkatuluka mu 2022 linkaopsa ndithu, koma chigwereni kwacha mu Novembala 2023 woperekera zakudya amangoliyang'ana n'kupitiriza kudikira. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Maso onse amatembenukira kwa uja anati tikalumeko kaye. Amalipira akumwetulira, ndipo mwezi wonse kunyumba kwake ndi bonya.

Onse amabwerera kukaonera zisudzo ali ndi njala imene anapita nayo, kungoti tsopano ndi yodula.

Kudya kwachiwiri kumayamba mdima ukagwa. Woimba wamkulu akamakwera pansanja, mipando ina ya kutsogolo imapezeka ilibe eni ake. Atuluka mmodzimmodzi, aliyense "kukayankha foni". Kunja kwa mpanda kuli chiwaya, ndipo amene ali ndi galimoto amathamangira pa Kamba. Kumeneko kulibe menyu, kulibe "chatha". Kuli kanyenya akulira pamoto, zigege, mang'ina m'poto wakuda, mchere ndi tsabola wa kambuzi pakona pa chiwaya pamene zala za mzinda wonse zimakumana. Chingerezi chonse cha masana chija chimatsala pageti. Adona amene amati sadya zokazinga akukangana ndi mnyamata wa tchipisi kuti banyira wachepa. Bambo a adokotala aja akuloza ndi kamtengo nthuli yamafuta kwambiri, n'kulawa ziwiri asanagule imodzi.

Pamalo amenewa pali lamulo limodzi losalembedwa: palibe amene amadziwa mnzake. Mungagundane mapewa ndi abwana anu a kuofesi, mafuta ali ndendende pamilomo, koma nonse mumayang'ana moto. Zikakanika, maso akaphana, pamafunika chifukwa, ndipo chifukwa chake chimakhala chimodzi chaka ndi chaka.

"Aa, inunso muli kuno? Ine ndimangoti ndiwatengereko alonda kunyumba kangachepe."

"Inenso chimodzimodzi, bwana. Anthu amenewa amatithandiza."

Mnyamata wa chiwaya, amene wamva zimenezi kuyambira Lachisanu, sasekako. Amangopatula nthulizo m'kajumbo, n'kufunsa mokweza kuti mzere wonse umve:

"Bwana, alonda anu aja ndiwaikire tsabola wambiri ngati dzulo? Nanga adyera pompano kapena m'galimoto?"