Matope a ku Aldovia

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Mwambiwu anapekera mlimi, uja amatha Novembala yense khosi lili m'mwamba kudikira mitambo, koma ikangogwa masiku atatu wayamba kale kudandaula kuti njira ya kumunda yaterera. Ine ndinadzaumvetsa pa Khirisimasi yapitayi, pabalaza pa achemwali anga, titakhuta mpunga wa nkhuku, kunja kukugwa mvula yeniyeni, pakanema pakugwa chipale chofewa.

Anayambitsa ndi amalume. Atasamba m'manja anati atopa ndi nkhani za mtengo wa feteleza ndi mafilimu owomberana. Ankafuna kanthu kofewa, kopanda maliro, kothera pabwino. Achemwali anangotola rimoti n'kuika A Christmas Prince, ija Netflix inatulutsa mu Novembala 2017. Ine anandikhazika pafupi ndi agogo kuti ndiziwamasulira, ngati anyamata aja amaika Chichewa m'mafilimu ogulitsa kumsika, kungoti ine ndinalipidwa mwendo wa nkhuku basi.

Nkhani yake si yoswetsa mutu. Amber, mtsikana wa ku New York wogwira ntchito kumagazini, atumidwa kudziko la Aldovia kukatola nkhani ya Kalonga Richard, amene bambo ake amwalira koma iye akuzengereza kulowa ufumu. Musavutike kulisaka pamapu dzikoli, kulibe. Nyumba yachifumu imene imaoneka mufilimuyi ndi Peleș Castle ya ku Romania. Amber atangotsika ndege, mwamuna wina wandevu amulanda takisi.

"Kalonga wake ndi ameneyo," amalume anatero. "Akwatirana awa. Zimitsani."

Palibe anazimitsa. Iwonso anakonza khushoni kumsana n'kutambasula miyendo.

Kuchokera pamenepo sanapume. Amber atazembera m'nyumba yachifumu, anthu n'kumuyesa mphunzitsi watsopano wa Emily, mlongo wake wamng'ono wa kalonga, amalume anafunsa ngati kunyumba ya mfumu kulibe mlonda wofunsa chiphaso, pomwe iwo kuti alowe pageti pa kampani yogulitsa simenti amalembetsa dzina, nambala ya foni ndi kumene akuchokera. Amber atagwa pahatchi m'nkhalango, mmbulu n'kutulukira, kalonga n'kufika nthawi yomweyo, amalume anawomba m'manja kamodzi. "Nkhalango yonse ija, wadziwa bwanji kuti wagwera pamtengo uwu?" Mtsikanayo atapeza mapepala achinsinsi a banja lachifumu osakhoma n'komwe bwino, anatembenukira kwa ine ngati ndinalemba ndine. "Mphwanga, anthu awa akutiyesa ana."

Amalume, munalira mvula ndinu. Munapempha filimu yopanda maliro, ndiye mmbulu uja ukanamudya bwanji mwana wa eni? Munapempha yothera pabwino, ndiye mukudabwa chiyani kuti mapeto mwawaona ali patali? Filimu yoti mtima ukhale m'malo siingakhalenso yodzidzimutsa. Kudziwikiratu kwa nkhani, alonda ogona, kalonga wotulukira pamtengo woyenera, amenewa ndiwo matope ake, ndipo amabwera m'thumba limodzi ndi mvula. Izi ndinazinena chamumtima. Munthu suyankha amalume utangodya nkhuku imene agula okha.

Matope amenewa ali ndi fakitale yake. Ku America kuli wayilesi yakanema yotchedwa Hallmark Channel, ya kampani yopanga makhadi a mafuno abwino ya ku Kansas City. Kuyambira 2009 imakhala ndi nyengo yotchedwa Countdown to Christmas, yomwe imayamba mu Okutobala, ife tikadali kusosa m'minda, ndipo zaka zina yatulutsa mafilimu atsopano a Khirisimasi okwana 40. Ambiri amajambulidwa ku Canada, pamasabata awiri kapena atatu, kawirikawiri m'nyengo yotentha. Chipale chofewa chija n'chochita kupanga, ndipo osewera amavala majuzi ndi zikhoto thukuta lili kamukamu. Nkhani imakhala yomweyomweyo: mkazi wotanganidwa wa mumzinda apita kukatauni kakang'ono, akumana ndi mwamuna wofatsa wogulitsa mitengo ya Khirisimasi kapena wophika makeke, ayamba ndi kukangana, aphika limodzi mabisiketi, asemphana pang'ono kutatsala mphindi makumi awiri, kenako apsompsonana kamodzi kokha chipale chikugwa. Netflix inangoona kuti msika ulipo n'kuyala pake pambali. Mu 2024 inafika potulutsa Hot Frosty, momwe Lacey Chabert, posewera ngati mayi wamasiye, aveka mpango chidole cha chipale chofewa, chidolecho n'kusanduka mwamuna wadzitho. Kuno kwathu nkhani yotere imathera pabwalo la a nyakwawa.

Owonera amagawikana pawiri, kulikonse. Ena amati mafilimuwa ndi phala la ana, lopanda mchere. Ena amati n'chifukwa chake amawakonda: chaka chonse adya zowawa, asiyeni amwe phala. Koma pali gulu lachitatu limene silidziulula, la anthu onyoza atakhala kutsogolo. Mu Disembala 2017 a Netflix analemba pa Twitter kuti pali anthu 53 amene anaonera A Christmas Prince tsiku lililonse kwa masiku 18, n'kuwafunsa mwachipongwe kuti anawapweteka mtima ndani. Anthu ambiri anakwiya, ati kampani ikusuzumira m'nyumba za makasitomala ake kenako n'kuwaseka pagulu. Ine chinandigwira ndi china. Wogwetsa mvula yemweyo akuseka anthu kuti adetsedwa ndi matope! Ndipo ndikukhulupirira kuti mwa anthu 53 aja munali amalume a winawake, amene tsiku lililonse ankati akungofuna kuonetsa ana pamene pali bodza.

Agogo ndiwo anabweretsa mlandu umene ku Aldovia sanauganizire. Mufilimuyi muli munthu woipa, Simon, wachibale amene akulakalaka mpando. Ine pomasulira ndinati ndi msuweni wa kalonga. Agogo anasiya kutafuna.

"Msuweni? Ndiye kuti ndi mphwa wa malemu amfumu?"

Ndinayesa kuwongola, koma mawu anali atatuluka kale. Kwa agogo nkhani inathera pomwepo. Kwathu ufumu sulowedwa ndi mwana wa mfumu, umapita kwa mwana wa mlongo wake. Choncho amene dziko lonse limamuona ngati wakuba, agogo anamuona ngati mwini mbumba amene akulandidwa chake masanasana. Zitaululika pagulu kuti Richard ndi mwana wongoleredwa, achemwali anagwira pakamwa, agogo anagwedeza mutu movomereza. Amber atapeza chikalata cha malemu mfumu chobisidwa m'kachokongoletsera ka pamtengo wa Khirisimasi, chonena kuti Richard alowe ufumu, agogo anati ufumu wa m'kapepala sukhalitsa, nanga amayi aakulu a pamudzi anafunsidwa?

Chinawapweteka kwambiri chinali kumapeto. Kalonga, tsopano ali mfumu, alondola Amber mpaka ku New York usiku wolowera chaka chatsopano, namufunsira panja pa lesitilanti ya bambo ake, pamsewu, atagwada m'chipale.

"Ankhoswe ali kuti?"

"Kulibe, agogo."

"Kwawo kwa mtsikanayu anapitako ndani?"

"Wabwera yekha."

"Mfumu yathunthu kufunsira panjira ngati wogula tomato. Akadzayambana adzapita kwa yani, kwa mmbulu uja?"

Achemwali sanamve zonsezi. Anali akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, kwinaku akukana kuti sakulira, ati ndi utsi wa mbaula. Mbaulayo inali itazima kalekale. Iwowa ndiwo mlimi woona, amene amadziwa kuti matope ndi gawo la dzinja, amangokwinya chitenje n'kudutsa. Filimuyi anali ataionera kanayi. Ndinawafunsa chimene amaibwerezera pomwe akudziwa mathero. Anati m'chaka chonse ndi malo okhawo amene munthu akalonjeza kuti abwera amabweradi. Alamu anga, amene anali pakona ndi foni yawo, anatsokomola n'kutuluka kukaona ngati mvula yakata.

Apa mpamene mwambi uja unandithera nzeru pang'ono. Akuluakulu ankaganiza kuti munthu amalira mvula, matope n'kungomupeza. Sanaganize za munthu amene amalira matope enieniwo. Yang'anani ana mvula ikangokata: sathamangira kumunda kukaona chimanga, amathamangira pachithaphwi. Amalume anali pachithaphwi. Bodza lililonse la mufilimu linkawapatsa mpata woonetsa kuti iwo sapusitsidwa, ndipo munthu wopuma pantchito mipata yotere saipeza kawirikawiri. Mukanawaikira filimu yanzeru, yopanda pogwira, bwenzi atagona mphindi khumi zoyambirira, pakamwa pali yasa.

Mayina a osewera atayamba kukwera pakanema, amalume anaimirira, nadziwongola, nati m'moyo mwawo sanaonepo zachibwana zotere. Anavala nsapato imodzi. Kenako anafunsa, maso ali kukhomo, ngati ukwatiwo unachitikadi kapena mnyamatayo anangomunamiza mwana wa eni.

Achemwali anati ilipo yachiwiri, The Royal Wedding, ya 2018.

"Ikani tione ngati kumeneko kuli ankhoswe," agogo anatero.

Amalume anavula nsapato ija. Tinamaliza cha m'ma 11 koloko usiku, bandulo ya achemwali itatsala pang'ono kutha, ndipo ankhoswe sanaoneke. Powaperekeza amalume, galimoto yawo inatitimira pageti, ine ndi alamu tinakankha mpaka mathalauza a Khirisimasi anasanduka ofiira. Itatuluka anatsitsa galasi. Ndinkayesa akufuna kuthokoza.

"Mphwanga, akuti iliponso yachitatu, ya mwana?"

Ilipo, The Royal Baby, ya 2019. Anati tisaionere iwo palibe, abwera pa 1 Januwale.