Maroboti akufa a ku Joni alandire ulemu wawo

Mzinda wa Johannesburg uli ndi akuluakulu ake odziwika, ndipo makampani oyendetsa alendo adawalemba kale m'timabuku tawo tonyezimira. Muli Constitution Hill, ndende yakale imene idasungapo Gandhi ndi Mandela. Muli Apartheid Museum, muli msewu wa Vilakazi ku Soweto, muli bwalo la mpira la FNB kumene kudaseweredwa ndime yomaliza ya chikho cha dziko lonse mu 2010. Onsewa ali ndi zikwangwani, alonda apachipata ndi shopu ya zikumbutso. Koma alipo akuluakulu ena amene mlendo wochita hayala galimoto ndi namulondola wake sangawazembe. Amacheza nawo nthawi yaitali kuposa imene amakhala m'nyumba ya Mandela, koma palibe kabuku ngakhale kamodzi kamene kamawatchula. Ndikunena maroboti akufa, aja amaima pamphambano maso onse atatu ali bii. Tsiku ndi tsiku amatukwanidwa m'zinenero zonse za dziko la South Africa, iwo osayankha. Lero wina awalankhulire.

Munthu wamkulu timayamba kumutamanda ndi mtundu wake. Gogo wa maroboti onse adabadwira ku London mu Disembala 1868, pafupi ndi nyumba ya malamulo. Anali wa nyale ya gasi, ndipo wapolisi ndiye ankamutembenuza ndi manja. Mwezi usanathe, kuchiyambi kwa Januwale 1869, gogoyu adaphulika n'kuvulaza wapolisi uja, ntchito n'kuthera pomwepo. Adzukulu amagetsi adadzaoneka ku Cleveland mu 1914 ali ndi maso awiri, lofiira ndi lobiriwira, ndipo diso lachikasu lidawonjezedwa ku Detroit mu 1920. Mukuona nokha kuti kufera pantchito n'kwakumtundu. A ku Joni sakuchita zachilendo ayi. Akusunga mwambo wa makolo, ndipo akuusunga mokhulupirika kuposa abale awo a kumaiko ozizira amene adautaya kalekale.

Imfa zawonso si zamanyazi. Ena amafa ndi kuthimathima kwa magetsi, kumene kudayamba kuvuta dzikolo cha mu 2007 n'kufika pachimake mu 2023, chaka chimene magetsi ankathima pafupifupi tsiku lililonse. Ena amaphedwa usiku ndi akuba amene amakumba nthambo zawo pofuna kopa wokagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha. Ena amawombedwa ndi galimoto Loweruka usiku, m'mawa n'kupezeka atagona chagada m'mbali mwa msewu. Enanso mvula yamabingu ya m'dzinja ikalowa m'bokosi lawo amangotsinzina mwakachetechete. Koma imfa siiwachotsera mphamvu. Ndi bwana uti winanso amene atamwalira amapitirizabe kuimitsa anthu mazanamazana, n'kuwachedwetsa kuposa mmene ankachitira ali moyo?

Kuti mumvetse ntchito yawo, muyambe mwamvetsa chimene mumagula mukalipira ulendo wa galimoto yanuyanu. Mumagula zinthu ziwiri, liwiro ndi galasi. Namulondola amakutengani pahotela ku Sandton kapena ku Rosebank atavala malaya ositidwa bwino, botolo la madzi ozizira lili kale pampando wanu. Zitseko amakhoma, mawindo amatseka, mpweya wozizira amatsegula. Kenako mumsewu wa M1 kulowera kummwera, pakamwa pake posapuma: golide adapezeka pafamu ya Langlaagte mu 1886, mzinda udabadwa chaka chomwecho, chinsanja chozungulira icho ndi Ponte, cha mu 1975, mlatho uwu ndi wa Nelson Mandela, adautsegula mu 2003, iyo ndi Carlton Centre, nsanjika 50, ndipo kwa zaka zambiri mu Africa munalibe nyumba yaitali kuposa imeneyo. Inu khosi uku ndi uku, foni m'manja, zithunzi zambiri n'kutuluka muli mtengo kapena lole pamene panayenera kukhala mbiri. Ulendowu adaukonza kuti ukunyamuleni pa chikumbutso china n'kukutulani pa chinzake mzinda weniweni usanakukhudzeni. Ndondomekoyo ikadamayenda monga adailembera, bwenzi mukubwerera kwanu mutaona mzinda wa anthu otchuka ndi omwalira okhaokha.

Apa m'pamene maroboti akufa amalowererapo. Mwangopatuka mumsewu waukulu, kutsogolo magetsi a mabuleki ali psuu, mzere wafika uko. Namulondola amayang'ana wotchi, amausa moyo, n'kunena kuti, "Pepani bwana, afanso." Galimoto njii. Tsopano, koyamba chichokereni kuhotela, mzinda umabwera kwa inu ndi miyendo yake. Pakati pa mizere ya magalimoto pakudutsa mnyamata wakoleka machaja a foni m'khosi, mahang'ala a zovala kudzanja lamanja, magalasi a dzuwa kumanzere. Pambuyo pake wina wanyamula thumba lakuda lapulasitiki, akupempha zinyalala za m'galimoto mwanu kuti mumupatseko kangachepe. Wina wathira kale madzi a sopo pagalasi lakutsogolo, namulondola akukanabe ndi manja onse awiri. Uko bambo wina akutsetsereka pa kangolo ka matayala ang'onoang'ono, chithumba cha mabotolo ndi makatoni chachikulu kuposa iye mwini chili kumbuyo, phazi limodzi likukhula pa phula m'malo mwa buleki. M'mbali mwa msewu mayi wakweza chala chimodzi m'mwamba, ndipo minibasi imene yakhala ikuliza hutala chiyambire yaima pompo, pakuti kuno chala m'mwamba ndiye kuti wa kutauni, choloza pansi ndiye kuti wa pafupi pomwepa. Zonsezi m'kabuku mulibe. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma mlendo amene walipira marandi ake sadekha mwa kufuna kwake. Amafunika womudekhetsa.

Ukoma wawo wachiwiri ndi chilungamo. Ku Apartheid Museum, imene idatsegulidwa mu 2001, tikiti yanu imakusankhirani mwa maere khomo lolowera, la azungu kapena la omwe si azungu, kuti mulaweko pang'ono mmene tsankho linkawawira. Phunziro labwino ndithu, koma limatha mukangodutsa pachipata. Kufanana kwa anthu kumene malamulo oyendetsera dzikolo a 1996 adalonjeza mumakupeza pamphambano. Lamulo la pamsewu limati maroboti akafa aliyense aime, ndipo woyamba kufika ndiye woyamba kudutsa. Benzi ya bwana wa ku Sandton, kapikapu kodzaza zidebe za penti, minibasi yopita ku Soweto, ndi inu mlendo wolemekezeka, nonse pamzere, aliyense kuyang'ana mnzake m'maso kuti adziwe ngati nthawi yake yakwana. Oweruza a khoti lalikulu la pa Constitution Hill, lija adalimanga ndi zina mwa njerwa za ndende yakale, amalemba zigamulo za masamba ambirimbiri pofuna kufananitsa anthu. Maroboti amazichita mwa kungotsinzina. N'zoona kuti madalaivala ena a minibasi lamuloli adalimva mwawomwawo, kuti wolimba mtima ndiye woyamba kudutsa, koma mlendo amene wadzaphunzira mmene dziko limayendera ayenera kuona zimenezinso.

Chachitatu, amalemba anthu ntchito, m'dziko limene pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse ofuna ntchito saipeza. Maroboti amoyo adalanda ntchito munthu woongolera magalimoto, akufa amaibweza. Posakhalitsa pamatulukira mwamuna amene usiku wapitawo adagona pansi pa mlatho, wavala chovala chonyezimira chong'ambika paphewa. Amaima pakatikati penipeni, mluzu wapakamwa uli m'kati, dzanja limodzi kuimitsa malole, linalo kukodola a mbali inayo, chiuno chikuthandizira. Mabwana amene kuofesi samvera munthu, apa amamvera. Wina amatsitsa galasi pang'ono n'kumuponyera R5. Palibe adamufunsapo satifiketi. Aliponso achinyamata ophunzitsidwa bwino amene kampani ina ya inshuwalansi imawalipira kuti aziongolera magalimoto m'mawa ndi madzulo. Onsewa chakudya chawo chimachokera kwa malemu amene aima pakonawo. Pali mphekesera zakuti ena mwa anamalirawa ndiwo amafulumizitsa imfayo, koma pamaliro sitifunsana zoterozo.

Ukoma umene ndimaukonda koposa ndi wakuti maroboti akufa amamasula lilime la namulondola. Nkhani zake adaziyeza ndi mtunda, chiganizo chilichonse chili ndi kona yake. Galimoto ikaima nthawi yaitali, zoloweza pamtima zimatha. Amabwereza za 1886, amakufunsani ngati mpweya ukuzizira bwino, kenako duu. Akayambanso kutsegula pakamwa, amene akulankhula ndi munthu wa mumzindamo, wa banja lake ndi ngongole zake. Mumamva za lendi, za mwana wake amene amadzuka kusanache kuti apeze minibasi ya kusukulu, za madzi amene amasowa pampopi kwawo, za dera limene iye mwini sangaimeko dzuwa litalowa. Mukaimitsidwa cha ku Nasrec moyang'anizana ndi zitunda zachikasu, mumapeza mpata womufunsa kuti mapiri achilendo amenewa ndi a chiyani. Ndi dothi lotsala la m'migodi, ndipo nyengo ya mphepo fumbi lake limalowa m'nyumba za anthu a ku Riverlea ndi Diepkloof. Mmalawi zitundazo aziyang'anitsitse, chifukwa mwa amene adalitulutsa pansi dothilo munali agogo athu amene ankalembedwa ntchito ndi bungwe la Wenela, dzina lomwe lidatsalira pa depoti ya mabasi ku Blantyre. Galimoto ikamathamanga monga mwa ndondomeko, simuziona n'komwe. Ndipo mukatsitsako galasi namulondola asakuona, musadabwe kumva Chichewa kapena Chiyao pakati pa ogulitsa aja.

Onyoza sasowa. Amati maroboti akufa amadya nthawi ya mlendo. Mudalipira theka la tsiku, ku Vilakazi mukufika dzuwa litapendeka, nyumba ya Mandela nambala 8115 mukuiyendera mothamanga, ya Desmond Tutu mukungolozeredwa ndi chala, ndipo pa chikumbutso cha Hector Pieterson, mwana wa zaka 12 amene adawomberedwa pa 16 Juni 1976 ana asukulu akukana kuphunzitsidwa mu Chiafrikaans, mukungokhalapo mphindi zochepa. Pamenepo pofunikadi nthawi, sinditsutsa. Koma mlandu ngwa amene adakulonjezani kuti mzinda wa anthu oposa mamiliyoni anayi utheka nkhomaliro isanakwane. Amatinso pamphambano zoterezi pamachitika ngozi, ndipo mbava zimaswa galasi n'kutsomphola chikwama pampando. N'zoonanso, n'chifukwa chake namulondola amati foni ibisike, chikwama chipite pansi pa miyendo. Komatu taonani phindu lake. Foni ikalowa m'thumba, maso amayamba ntchito. Alendo ambiri mzindawu amauona ndi maso awo enieni pamalo okhawo pamene akuopa kutulutsa kamera.

Amene akuti chinthu chakufa sichingakope alendo akaonenso ndondomeko ya ulendo imene adalipira. Zinsanja ziwiri za ku Orlando zinali za siteshoni yopanga magetsi imene idatsekedwa mu 1998. Adazipaka utoto, adamanga kamlatho pamwamba, ndipo lero anthu amalipira kuti adumphe kuchokera pamenepo atamangidwa chingwe m'miyendo. Malo a zisangalalo a Gold Reef City adawamanga pa mgodi wakufa. Constitution Hill ndi ndende yakufa, idasiya kusunga akaidi mu 1983. Mzinda umenewu umadziwa kudyerera zinthu zimene zidasiya ntchito. Siteshoni imene idaleka kupanga magetsi ili papositikhadi, koma maroboti amene akusowa magetsiwo amalandira zitukwano. Tsankho lotereli lithe.

Choncho ndili ndi zopempha kwa akuluakulu oona za alendo. Choyamba, maroboti akufa alowe m'kabuku, pakati pa Apartheid Museum ndi Soweto, ndipo apatsidwe nthawi yawo yokwanira, kuti namulondola asamapepese ngati walakwa. Chachiwiri, pa mphambano zimene zakhala mumdima nthawi yaitali pakhomedwe chikwangwani chabuluu chonga chija amakhoma pa nyumba za mbiri mumzindamu, chonena chaka chimene malemuwo adatsinzina. Chachitatu, mwamuna wa chovala chonyezimira uja azilandira gawo lake pa ndalama za ulendo, pakuti mwa onse amene mlendo amawaona tsikulo, iye yekha ndiye amagwira ntchito ya boma popanda malipiro a boma. Chomaliza chipite kwa amisiri okonza maroboti: chonde musafulumire, alendo akadali m'njira. Poona mmene zinthu zakhala zikuyendera, pempho lomalizali lokha ndikudziwa kuti adalimva kale ndisanalinene.